Kuyezedwa makutu ku Pretoria: kachipangizo kovala kapena cochlear implant?

Ngati inu kapena mwana wanu mukuvutika kumva, musathamangire kugula kachipangizo musanayezedwe. Kusamva kuli mitundumitundu, ndipo chimene chinathandiza mnzanu mwina inu sichingakuthandizeni.

Kusiyana kwa zipangizo ziwirizi

Kachipangizo kothandiza kumva kamavalidwa kukhutu ndipo ntchito yake ndi kukweza mawu. Kamathandiza munthu amene khutu lake likadali ndi mphamvu yakumva, ngakhale yochepa.

Cochlear implant imaikidwa pochita opaleshoni. M'kati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, kotchedwa cochlea. Timaselo ta mmenemo tikawonongeka kwambiri, kukweza mawu sikuthandizanso. Dokotala amalowetsamo kawaya kamene kamatumiza mawu molunjika ku mtsempha wa kumva, pomwe mbali ina ya chipangizocho imavalidwa kunja. M'dziko la South Africa opaleshoniyi inayamba mu 1986 pa chipatala cha Tygerberg ku Cape Town.

Koyambira

M'zipatala za boma, yambirani ku kiliniki ya m'dera lanu kuti akupatseni kalata yokutumizani kwa katswiri woyeza kumva, wotchedwa audiologist. Matenda ofunika madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi amafika ku zipatala zazikulu monga Steve Biko Academic Hospital, Kalafong ku Atteridgeville, ndi Dr George Mukhari ku Ga-Rankuwa. Nayonso University of Pretoria ili ndi dipatimenti yophunzitsa akatswiriwa imene imayeza anthu. Mukasankha katswiri woyima payekha, onetsetsani kuti ndi wolembetsedwa ku bungwe la HPCSA.

Nyamulani chiphaso chanu, makalata akale akuchipatala, mayina a mankhwala amene munalandirapo, ndi kabuku ka Road to Health ngati woyezedwayo ndi mwana. Ngati Chingerezi chimakuvutani, pitani ndi womasulira.

Zimene zimachitika poyeza

Choyamba adzakufunsani mbiri yanu. Nenani ngati munadwalapo matenda oumitsa khosi kapena malungo aakulu, ngati munabayidwapo jakisoni wa kanamycin wa TB yosamva mankhwala, kapena ngati munagwirapo ntchito pamalo aphokoso monga m'migodi. Zonsezi zimatha kuwononga kumva.

Kenaka adzasuzumira m'khutu ndi kanyali kuti aone ngati muli phula, mafinya kapena chibowo pa nembanemba ya m'khutu. Mavuto otere amachizika, ndipo nthawi zina munthu safunanso chipangizo.

Pambuyo pake mudzalowa m'kachipinda kosalowa phokoso, mutavala mahedifoni, n'kumapereka chizindikiro mukamva kulira. Adzakuuzaninso kubwereza mawu. Zotsatira zimalembedwa pa chithunzi chotchedwa audiogram, m'miyezo ya ma decibel. Kucheza wamba kumakhala pafupifupi ma decibel 60. Kawirikawiri implant imaganiziridwa kwa amene amayamba kumva pokhapokha mawu akapitirira ma decibel 70.

Makanda amayezedwa ndi makina a OAE ndi ABR ali m'tulo, ndipo samva ululu.

Ngati akuganizira za implant

Kawirikawiri mudzayamba mwavala zipangizo zothandiza kumva kwa miyezi ingapo. Kumeneku si kukuchedwetsani dala: akatswiri amafuna umboni wakuti zipangizozo, zitakonzedwa molingana ndi khutu lanu, sizikukwanitsa kukumvetsani zolankhula za anthu.

Zikatero mudzajambulidwa ndi makina a CT ndi MRI kuti aone ngati cochlea ndi yotseguka ndiponso ngati mtsempha wa kumva ulipo. Dokotala wa opaleshoni, audiologist ndi katswiri wophunzitsa kulankhula amagamula limodzi. Amafunsanso ngati banja lidzakwanitsa kubwera kuchipatala pafupipafupi. Mudzalangizidwa kulandira katemera woteteza ku matenda oumitsa khosi opaleshoni isanachitike.

Chipangizocho amachiyatsa pakapita masabata angapo chilonda chitapola. Poyamba mawu amamveka achilendo, ndipo ubongo umatenga miyezi kuti uwazolowere.

Nthawi ndi yofunika

Malangizo a akatswiri ndi akuti khanda liyezedwe lisanapitirire mwezi umodzi, vuto litsimikizidwe pofika miyezi itatu, ndipo thandizo liyambe pofika miyezi 6. Mwana wobadwa wosamva amapindula kwambiri akaikidwa implant ali wamng'ono, pamene ubongo ukuphunzira chilankhulo. Musadikire poganiza kuti wangochedwa kulankhula.

Amene wasiya kumva atadwala matenda oumitsa khosi ayezedwe mwamsanga, chifukwa m'cochlea mumatha kumera fupa n'kutseka njira ya kawaya. Khutu likasiya kumva mwadzidzidzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Funsani musanavomere

Implant imadya ndalama zambiri, ndipo m'zipatala za boma malo ndi ochepa. Funsani amene adzalipira mabatire, zokonzetsa ndi zipangizo zosinthira zaka zikubwerazi. Ngati mukuganiza zobwerera ku Malawi, kambiranani za komwe muzikapitiriza kuonedwa. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ABC Hearing Clinic ku Lilongwe zili ndi akatswiri oyeza kumva. Fufuzani ngati angasamalire mtundu wa chipangizo chanu.

Mukauzidwa kuti implant singakuthandizeni, njira zina zilipo. Chilankhulo cha manja cha ku South Africa chinakhala chilankhulo cha boma cha nambala 12 mu 2023, ndipo ku Pretoria kuli sukulu monga Transoranje ya ana osamva ndi Sonitus ya ana omva movutikira. Chachikulu n'chakuti mwana apeze chilankhulo msanga, kaya cha pakamwa kapena cha manja.