Chinkhwe cha ku Mauritius: Mbalame Imene Idatsala Pang'ono Kutha

Lero tiwoloka nyanja yamchere kupita ku chilumba cha Mauritius, kum'maŵa kwa Madagascar, kuti tikamve mbiri ya chinkhwe chobiriŵira chotchedwa echo parakeet, chimene sichipezeka kwina kulikonse m'dziko lapansi.

Pamene Adatchi adakhazikika pa chilumbachi m'chaka cha 1638, adapeza nkhalango yoŵirira. Iwoŵa, ndiponso Afalansa ndi Angerezi amene adawatsatira, adagwetsa mitengo pofuna matabwa ndi malo olimapo nzimbe. Zombo nazonso zidabweretsa makoswe ndi apusi, adani a mazira ndi anapiye. Mbalame yotchuka ija ya dodo idatheratu chisanafike chaka cha 1700.

Chinkhwechi chimaikira mazira m'mphako za mitengo ikuluikulu, ndipo chimadya zipatso, maluŵa ndi masamba a mitengo yachilengedwe. Nkhalango itachepa, chidasoŵa pogona ndi chakudya chomwe. Pofika zaka za m'ma 1980, zinkhwe zotsala sizinkakwana ndi 20 zomwe.

Carl Jones, katswiri wa ku Wales amene adafika ku Mauritius m'chaka cha 1979, adakana kutaya mtima. Iye ndi anzake a bungwe la Mauritian Wildlife Foundation adapachika mabokosi m'mitengo kuti aloŵe m'malo mwa mphako, natchinjiriza zisa kwa makoswe, naikira mbalamezo chakudya chapadera. Anapiye ofooka ankawachotsa m'zisa ndi kuwalera pamanja, ndipo kuyambira 1997 zinkhwe zoleredwa motero adayamba kuzibwezera kuthengo. Boma nalo lidakhazikitsa nkhalango yotetezedwa ya Black River Gorges m'chaka cha 1994.

Ntchitoyi sidayende mopanda zokhoma. Cha m'ma 2005 kudabuka matenda othothola nthenga ndi kuwononga milomo, amene adapha zinkhwe zazing'ono zambiri. Komabe chiŵerengero chidapitirira kukwera, kotero kuti m'chaka cha 2019 chidaposa 750.

Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka. Dodo adapita, ndipo palibe nzeru imene ingamubweze. Chinkhwe chidapulumuka chifukwa anthu adachitapo kanthu zikadalipo zoŵerengeka zoti n'kuswana. Koma kufikira nkhalango yachilengedwe itameranso mokwanira, moyo wa mbalameyi udalirabe manja a anthu oisamala.