Thupi Siliiwala: Gule wa Machona ku Bindura

Mu 2014 Bessel van der Kolk adatulutsa buku lofotokoza kuti zoopsa zimene munthu wakumana nazo zimakhazikika m'thupi, ndipo mawu okha sazichotsa. Makolo athu amene adapita ku Rhodesia adazindikira zimenezi kalekale.

Kuyambira 1903, bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau linkasonkhanitsa amuna a kumpoto kwa Zambezi kukagwira chibalo. Ambiri adatchona m'migodi ya ku Bindura ndi Shamva, kumene ngozi ndi chifuwa cha fumbi zidapululutsa anzawo. Maliro akagwa m'komponi, mbumba ili kutali, ng'oma za Gule Wamkulu zinkalira. Namfedwa sankafunsidwa zakukhosi. Amayi ankamuzinga, kuimba ndi kuwomba m'manja kufikira chisoni chitapeza potulukira. Aphunzitsi a mankhwala amenewa adali anamkungwi ndi akuluakulu a kudambwe.

Lamulo la 2001 lidalanda ana a machona ambiri unzika, ndipo mu 2008 mgodi wa Trojan udaima, anthu nkumwazikana. UNESCO idalemekeza Gule mu 2005, koma aphunzitsi aja akutha. Abale a ku Dedza, Katete ndi Angónia, iwowa akatsikira kuli chete, adzaphunzitsa zidzukulu zawo kulira ndi thupi ndani?