Makampani aang'ono opanga makompyuta ku Bellville: momwe amaloserera chaka cha malonda

Bellville ndi dera la mzinda wa Cape Town m'dziko la South Africa, ndipo lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera pakati pa mzindawu. Kumeneku kuli likulu la kampani ya inshuwalansi ya Sanlam, sukulu ya ukachenjede ya University of the Western Cape, nthambi ya Cape Peninsula University of Technology, komanso msewu wa malonda wa Voortrekker Road. Ophunzira ndi maofesi a m'derali ndiwo amagula kwa amisiri ndi makampani aang'ono omwe amamanga makompyuta.

Mawu oti kupanga akufunika kuwamvetsa bwino. Makampaniwa amangolumikiza zipangizo zochokera kunja: processor ya Intel kapena AMD, memory ya Samsung, SK Hynix kapena Micron, ndi zina zambiri zochokera ku Taiwan ndi ku China. Ngakhale kampani yaikulu ya Mustek, yomwe adaikhazikitsa David Kan m'chaka cha 1987 ndipo imamanga makompyuta a Mecer ku Midrand, imadalira zipangizo zoitanitsa. Choncho mwini kampani akamalosera za chaka chikubweracho, amakhala akulosera zinthu zomwe sizili m'manja mwake.

Choyamba ndi mphamvu ya randi. Zipangizo amagula pa mtengo wa dola ya America, koma kompyuta amaigulitsa pa randi. Pa 9 Disembala 2015, pulezidenti wa panthawiyo Jacob Zuma adachotsa nduna ya zachuma Nhlanhla Nene, ndipo randi idagwa m'masiku awiri okha. Mu Epulo 2020 dola imodzi idaposa 19 randi, ndipo mu Meyi 2023 idayandikira 20 randi. Makampani aakulu amapangana ndi banki mtengo wa dola pasadakhale, pomwe wamalonda wamng'ono amagula kwa oitanitsa katundu pa mtengo wa tsikulo. Akauza sukulu mtengo mu Okutobala n'kudzapereka makompyuta mu Januwale, phindu lake likhoza kuthera panjira. Amalonda a ku Malawi omwe amakaoda katundu ku South Africa vutoli amalisenza kawiri, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Chachiwiri ndi kusowa kwa zipangizo. M'chaka cha 2011 madzi adasefukira m'mafakitale a ku Thailand ndipo mtengo wa hard disk udakwera pa dziko lonse. M'zaka za 2020 ndi 2021, mliri wa Covid-19 udachititsa kuti anthu ambiri azigwirira ntchito kunyumba, makompyuta n'kuyamba kusowa. Chakumapeto kwa 2025 memory idakwera mtengo kwambiri chifukwa makampani a nzeru zamakina adaigula yochuluka, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Micron idalengeza kuti isiya kugulitsa memory ya Crucial kwa ogula wamba. Katundu akachepa, oyamba kupatsidwa amakhala Lenovo, HP ndi Dell. Wa ku Voortrekker Road amadikira zotsala.

Koma chitsanzo chomwe chikuonetsa bwino kuopsa kwa kulosera ndi cha magetsi. M'chaka cha 2023 magetsi a Eskom adathimathima kwa masiku oposa 300. Ogulitsa makompyuta adapeza msika watsopano wa mabatire ndi makina osungira magetsi, ndipo ambiri adaitanitsa katundu wochuluka poganiza kuti 2024 ifanana ndi 2023. Kuganiza kotere sikudali kopusa, popeza vutoli lidali litakula chaka ndi chaka. Komabe kuyambira kumapeto kwa Malichi 2024 magetsi adasiya kuthima kwa miyezi pafupifupi khumi. Ogula adachepa, mitengo idatsika, ndipo Mustek idalengeza kuti phindu lake la chaka chothera mu Juni 2024 latsika kwambiri, mwa zina chifukwa cha kugwa kwa malonda amenewa. Kampani ya pa msika wa masheya wa Johannesburg idatha kupirira. Wamalonda yemwe mpamba wake wonse uli m'chipinda chimodzi sangadikire kuti katundu wokhalitsa agulidwe, pakuti zipangizo za kompyuta, kusiyana ndi simenti kapena malata, zimatha mtengo zili pa shelefu.

Zilipo zina zomwe zimadziwikiratu, ndipo kunena zoona ndi zokhazi zomwe munthu angazilembe pa kalendala mosakayika. Sukulu za ukachenjede zimatsegulira mu Febuluwale. Malonda otsitsa mitengo a Black Friday amachitika mu Novembala. Mafakitale a ku China amatseka pa chikondwerero cha chaka chatsopano mu Januwale kapena Febuluwale, nthawi yomwenso mphepo yamphamvu ya kum'mwera chakum'mawa imaimitsa ntchito pa doko la Cape Town, kotero katundu wa ophunzira amayenera kuitanitsidwa chaka chisanathe. Kampani ya Microsoft nayo idanena kudakali zaka zinayi kuti idzasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Popeza makompyuta akale ambiri sangalandire Windows 11, maofesi adayenera kugula atsopano, ngakhale ena adasankha ogwiritsidwapo kale ntchito koma okonzedwanso.

N'chifukwa chake makampani aang'ono ambiri salosera chaka chonse nthawi imodzi. Amasunga zipangizo zochepa, amamanga kompyuta wogula akaperekako ndalama, ndipo pa pepala la mtengo amalembapo kuti mtengowo ugwira ntchito kwa masiku ochepa chabe. Gawo lina la ndalama zolipirira lendi ndi antchito limachokera ku ntchito yokonza makompyuta owonongeka ndi kusamalira a m'maofesi pa mgwirizano wa mwezi ndi mwezi.