Masamba ndi zinyalala za pabwalo ku Salima: kuotcha, kutaya kapena kupanga manyowa?

Kuyambira Julayi mpaka Okutobala, mitengo yambiri m'mbali mwa nyanja ya Malawi imayoyola masamba. M'tauni ya Salima, ku Senga Bay ndi ku Chipoka, anthu amasesa pabwalo m'mamawa, kuunjika masambawo pambali, kenaka n'kuyatsa moto. Mvula ikagwa, milu ija imakhala ya udzu wotchetcha, nthambi ndi mango owola. Zinyalala zotere zimaoneka ngati zilibe vuto poyerekeza ndi mapulasitiki, koma kasamalidwe kake kamakhudza mapapo athu, madzi akumwa komanso nthaka. Nazi zomwe muyenera kudziwa, kuphatikizapo zomwe mungafunse khonsolo ikafuna kulemba kampani kapena gulu loti lizichotsa zinyalalazi.

Kodi zinyalala za pabwalo ndi ziti?

Awa ndi masamba ogwa, udzu, nthambi zosadza, makoko a zipatso, zotsalira za ndiwo zamasamba kumsika, mapesi ndi zina zonse zochokera ku zomera. Kusiyana kwake ndi zinyalala zina n'kwakuti zimawola. M'matauni a m'Malawi muno, gawo lalikulu la zinyalala zomwe zimatoledwa m'makomo ndi m'misika ndi zowola chomwechi.

Ku Salima zinyalalazi sizitha chaka chonse. Mlambe umayoyola m'chilimwe, msangu umayoyola nthawi ya dzinja, pomwe mango amagwetsa masamba pang'onopang'ono kenaka zipatso cha kumapeto kwa chaka. Malo ogona alendo a ku Senga Bay, masukulu, matchalitchi, mizikiti ndi misika nawonso amatulutsa milu yawo tsiku ndi tsiku.

Utsi wa masamba umatani m'thupi?

Mulu wa masamba suyaka bwino, makamaka ukakhala wonyowa. Umangofuka kwa maola angapo ndipo utsi wake umayenda chapansi, pamene anthu amapuma. Mu utsiwo muli mpweya wa poizoni wa carbon monoxide komanso tinthu ting'onoting'ono tomwe akatswiri amatitchula kuti PM2.5. Tinthuti n'tochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, choncho timalowa mkatikati mwa mapapo ndipo tina timafika m'magazi.

Omwe amavutika msanga ndi ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba, odwala mphumu, odwala mtima ndi omwe ali ndi chifuwa chachikulu kapena adachidwalapo. Utsi umayambitsa kutsokomola, kuyabwa kwa maso ndi kubanika, ndipo mwana amene amapuma utsi kawirikawiri sachedwa kudwala chibayo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mpweya woipa, wa panja ndi wa m'nyumba, umachititsa imfa pafupifupi 7 miliyoni chaka chilichonse.

Vuto limakula chifukwa pamulu wa masamba sipalephera kupezeka majumbo, mabotolo, matewera ndi mabatire. Mapulasitiki ena akapsa amatulutsa poizoni wotchedwa dioxin, yemwe amakhalitsa m'nthaka ndi m'thupi ndipo amatha kuyambitsa khansa. Komanso m'nyengo ya mwera, kapena m'kutentha kwa Okutobala, kamoto ka pabwalo sikachedwa kulumphira pa mpanda wa udzu kapena denga la nyumba.

Nanga kungotaya mu ngalande kapena kunyanja?

Masamba ndi udzu zikalowa mu ngalande zimagwirana ndi mchenga ndi mapulasitiki n'kutseka njira ya madzi. Madzi akaima pamakhala zithaphwi momwe udzudzu umaswana, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja ngati Salima ndi kale amavutika ndi malungo.

Masamba paokha sayambitsa kolera. Matendawa amafala kudzera m'madzi kapena chakudya chomwe chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu wodwala. Koma ngalande ikatsekeka, madzi a mvula amasefukira m'makomo, kulowa m'zimbudzi zokumba, kenaka n'kukathira m'zitsime. M'madera a mchenga, komwe madzi a pansi ali pafupi, zimenezi zimachitika mosavuta. Mliri wa kolera womwe udayamba m'boma la Machinga mu Malichi 2022 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Salima ndi limodzi mwa maboma omwe adakhudzidwa.

Milu yosiyidwa nthawi yaitali imaitananso ntchentche, makoswe, njoka ndi zinkhanira. Zinyalala zowola zikamatayidwa m'mitsinje ngati Linthipe kapena m'mphepete mwa nyanja, zimawonjezera chakudya cha ndere ndi zomera za m'madzi monga namasupuni. M'zomera zotere ndi momwe nkhono zofalitsa likodzo zimakonda kubisala.

Udindo wochotsa zinyalala ndi wa yani?

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapereka kwa makhonsolo ntchito yotolera, kuchotsa ndi kusamala zinyalala, komanso mphamvu yokhazikitsa malamulo awoawo a m'dera. M'boma la Salima, lomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti lili ndi anthu oposa 470,000, udindowu uli m'manja mwa khonsolo ya bomalo.

Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi osaika moyo wake pachiswe. Lamulo lomweli lidakhazikitsa bungwe la MEPA, lomwe limapereka ziphaso kwa onyamula zinyalala ndi oyendetsa malo otayirako. Mwini khomo naye ali ndi mbali yake: kusamala zinyalala zake kuti zisavutitse anansi.

Khonsolo ikafuna kulemba kampani, zimayenda bwanji?

Khonsolo ikhoza kugwira yokha ntchitoyi ndi galimoto ndi antchito ake, kapena kuipereka kwa kampani, gulu la achinyamata, la amayi kapena kopaletivi. Poti ndalama zake ndi za boma, kalembedwe kake kamatsata malamulo ogulira katundu ndi ntchito za boma omwe bungwe la PPDA limayang'anira. Ntchito ikakhala yaikulu, khonsolo imalengeza tenda kuti ofuna apikisane. Ikakhala yaing'ono, imatha kungofunsa mitengo kwa angapo n'kusankha. Komiti yogula zinthu ya khonsoloyo ndiyo imavomereza wopambana.

Kupereka ntchito kwa kontirakitala sikuchotsa udindo pa khonsolo. Zinyalala zikapanda kutoledwa, woyenera kuyankha kwa anthu ndi khonsolo yomweyo.

Mgwirizano wabwino uzikhala ndi chiyani?

Kumbali ya zaumoyo, mfundo zofunika ndi izi:

- Kusiyanitsa zinyalala. Zowola zizitoledwa pazokha. Zikasakanizidwa ndi magalasi, matewera ndi mabatire, manyowa ake sangathiridwe m'dimba la ndiwo.
- Komwe zikupita. Mgwirizano utchule malo enieni opangira manyowa, otalikirana ndi zitsime, mijigo, mitsinje ndi nyanja, ndiponso osasefukira madzi.
- Kuletsa kuotcha. Kontirakitala asaloledwe kuchepetsa mulu ndi moto.
- Kalipiridwe. Kampani ikamalipidwa potengera maulendo okha, ikhoza kumakhuthula katundu patchire lapafupi kuti ibwerere msanga. Kulipira potengera zomwe zafikadi pamalo opangira manyowa kumatseka mpata umenewo.
- Masiku otolera. Anthu adziwe tsiku ndi nthawi, ndipo maulendo achuluke nthawi ya mango komanso mvula isanayambe, pamene ngalande zimafunika kuyeretsedwa.
- Chitetezo cha antchito. Magolovesi, magambutsi, zotchinga kukamwa ndi mphuno, madzi ndi sopo, komanso katemera wa kafumbata.
- Mwini manyowa. Zilembedwe poyera kuti manyowa ndi a yani, adzagulitsidwa bwanji, ndipo ndalama zake zidzapita kuti.
- Kodandaula ndi chilango. Pakhale ofesi yolandira madandaulo ndi chindapusa kwa kampani yolephera ntchito.

Kodi zidachitikapo m'Malawi muno?

Inde. Mumzinda wa Lilongwe mudachitika pulojekiti ya Waste for Wealth, yothandizidwa ndi UNDP ndi UN-Habitat, momwe amayi a ku Mtandire ankatolera zinyalala zowola, kupanga manyowa ndi kugulitsa ku Four Seasons Nursery. Phunziro lake ndi lakuti ntchitoyi imayenda pakakhala wogula wodalirika. Popanda msika, manyowa amangounjikana ndipo otolera amagwa mphwayi.

Mbali inayo ikuoneka kumalo otayira zinyalala a Area 38 ku Lilongwe ndi Mzedi ku Blantyre, komwe zowola ndi zosawola zimathiridwa pamodzi. Zowola zikakwiririka popanda mpweya zimatulutsa gasi wa methane, yemwe amayaka komanso amathandizira kusintha kwa nyengo. Okhala pafupi ndi malowa akhala akudandaula za utsi, fungo ndi ntchentche.

Salima ili ndi mwayi poti alimi ali pafupi ndi tauni: a mpunga ku Lifuwu, a chimanga, thonje, mango ndi madimba a ndiwo. Nthaka ya mchenga ya m'mbali mwa nyanja simasunga madzi kapena feteleza nthawi yaitali, ndipo manyowa ndiwo amaithandiza kugwira chinyezi.

Mungapange bwanji manyowa pakhomo?

Simukuyenera kudikira khonsolo kuti muyambe.

1. Sankhani malo a mthunzi, kutali ndi chitsime. Ngati kwanu kumadikha madzi, pangani mulu pamwamba m'malo mokumba dzenje.
2. Yalani timitengo kapena mapesi pansi kuti mpweya uzilowa.
3. Sanjikizani zouma, monga masamba ndi udzu wouma, kenaka zaziwisi, kenaka ndowe za ng'ombe, mbuzi kapena zitosi za nkhuku. Wazani phulusa pang'ono ndi dothi. Bwerezani mpaka mulu ufike pafupifupi mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu.
4. Thirirani kuti panyowe koma pasachite matope. Mukafinya m'dzanja, madzi asachite kuchucha.
5. Phimbani ndi udzu, chifukwa dzuwa la ku Salima limaumitsa mulu msanga.
6. Zikani ndodo pakati. Ikatuluka yotentha pakatha masiku angapo, ndiye kuti zikuyenda. Kutentha kopitirira madigiri 55 kwa masiku angapo kumapha tizilombo tambiri toyambitsa matenda ndi njere za udzu.
7. Tembenuzani pakatha milungu iwiri kapena itatu iliyonse. Manyowa amapsa pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Akapsa amada, amafumbutuka ndipo amamveka fungo la dothi.

Alangizi a zaulimi amaphunzitsanso njira ya Chimato, yomata mulu ndi dothi, ndi ya Changu, yotembenuza pafupipafupi kuti manyowa apse msanga. Manyowa a Mbeya ndi ena: amasakaniza feteleza, ndowe, gaga ndi phulusa n'kusunga m'thumba masiku 21.

Pamulu musaikepo mapulasitiki, magalasi, mabatire, matewera, mankhwala, mabotolo a mankhwala ophera tizilombo, nyama yakufa, kapena chimbudzi cha munthu, galu ndi mphaka. Matumbo a nsomba akwirireni pansi kwambiri chifukwa amaitana ntchentche ndi agalu. Mapesi a thonje ndi mbewu zodwala zili ndi malangizo akeake, choncho funsani mlangizi musanaziike pamulu.

Dzitetezeni

Valani nsapato ndi magolovesi potembenuza mulu, ndipo yambani mwaugogoda ndi ndodo kuti njoka ithawe. Wazani madzi musanatembenuze kuti fumbi la nkhungu lisauluke. Odwala mphumu kapena omwe chitetezo cha m'thupi chidatsika asiyire ena ntchitoyi. Sambani m'manja ndi sopo mukamaliza. Mukabayidwa ndi msomali kapena waya, tsukani bala ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mwana akamapuma mofulumira, chifuwa chikamalowa mkati, kapena akamalira mluzu popuma atapuma utsi, thamangirani naye kuchipatala chapafupi kapena chipatala chachikulu cha boma la Salima.

Mungafunse kuti?

Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, komiti ya msika, komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena khansala wanu. Lamulo lopereka mwayi wopeza uthenga, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limakulolani kulembera khonsolo kupempha kuona mgwirizano uliwonse wa zinyalala: adapatsidwa ndani, pa ndalama zingati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo zinyalalazo zikupita kuti. Ngati mukukayikira kuti pali katangale, kadandauleni ku ACB. Ngati ofesi ya boma sikukuthandizani moyenera, pitani kwa Ombudsman.

Tsiku losesa la dziko lonse, lomwe boma lidakhazikitsa mu 2020 kuti lizichitika Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, limatulutsa milu yambiri ya masamba ndi udzu. Musanayambe kusesa, gwirizanani m'dera mwanu malo amodzi opangira manyowa ndi munthu woyang'anira, kuti miluyo isathere pamoto kapena kubwerera mu ngalande.