Boma: Liwu Limene Azungu Anabwereka

Ku Mchinji, munthu wochokera ku Mkanda kapena ku Kamwendo akati akupita ku boma, aliyense amadziwa kuti akunena kumene kuli ofesi ya DC, polisi ndi chipatala chachikulu. Pali nkhani imene imamveka kawirikawiri, ngakhale m'kalasi, yoti dzinali ndi chidule cha British Overseas Military Administration. Nkhaniyi imakoma kuikamba, koma ndi yabodza. Liwuli lili m'madikishonale a Chingerezi, inde, koma Angerezi anachita kulitola ku Chiswahili.

Kwa Aswahili, boma linali mpanda wa mitengo kapena minga wotchinga mudzi, khola kapena msasa wa apaulendo. Amalonda a minyanga ndi akapolo ochokera ku Zanzibar ndi Bagamoyo ankamanga mipanda yotereyi m'malo ogonamo, kuopa mikango ndi adani. Henry Morton Stanley, amene ankayenda ndi amtengatenga a ku Zanzibar, analemba liwuli m'buku lake la mu 1878, ulamuliro wa Britain usanakhazikike m'dziko muno. Nawonso Ajeremani, amene analibe chifukwa chotamandira Britain, ankatcha nyumba zawo za ulamuliro ku Bagamoyo ndi ku Mikindani kuti boma. Za kumene Aswahili analitenga, akatswiri ena amaloza ku Chiperisiya, ena amati ndi liwu lakale la zinenero za Chibantu za m'mbali mwa nyanja ya mchere.

Kuno kwathu Chiswahili chinafika kale ndi a Jumbe a ku Nkhotakota cha m'ma 1840. Koma amene anachititsa kuti liwuli limere mizu ndi asilikali a Harry Johnston, yemwe anayamba kulamulira mu 1891. Paliponse pamene ankamanga linga lawo ankati boma, ndipo m'kati mwa mpandawo munkakhala mzungu wokhometsa msonkho ndi woweruza milandu. Mchinji inayamba choncho. Inali Fort Manning, dzina lochokera kwa William Manning, msilikali amene anatsogolera nkhondo yolimbana ndi Angoni a Mpezeni mu 1898, ndipo kenaka anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Tsidya linalo la malire kunali Fort Jameson, Chipata wa lero.

Achewa anali nalo kale liwu lawo, linga, ndipo silinasinthe tanthauzo. Boma ndilo linakula: kuchoka pa mpanda linafika pa ofesi, kenaka pa tauni, mpaka pa ulamuliro wonse wa dziko. Pamene tikunena kuti boma lakweza mtengo wa feteleza, palibe amene amaganizako za minga.

M'Chingerezi liwuli linatsala pafupi ndi tanthauzo lake loyamba. Ogwira ntchito za nyama zakutchire amatcha boma mpanda wosungiramo nyama zimene zikusamutsidwa. Alendo odutsa pa chipata cha m'malire cha Mwami kupita kumalo osungira nyama a South Luangwa amakalipezanso kumalo ogona, kumene boma ndi bwalo lotchinga ndi bango lodyeramo chakudya chamadzulo.