Inglenook Sidings

Inglenook Sidings ndi kayalidwe ka njanji ya sitima zachidole kopangidwira masewera osanja mabogi pamalo ochepa. Anakayambitsa ndi Alan Wright wa ku Britain. Njanjiyo imagawikana nthambi zitatu zosatulukira kwina: yaitali imakwana mabogi 5, ziwiri zinazo mabogi 3 iliyonse. Kumbali inayo kuli kanjanji kobwererapo, kongokwana mutu wa sitima ndi mabogi 3 basi, ndipo pamenepa ndi pomwe pagona kuvuta kwa masewerawa. Mwa mabogi 8, woyendetsa amasankha 5 mwamaere n'kuwalumikiza motsatana monga maerewo agwera. Ndondomeko zotheka zilipo 6,720. Ena amalumikiza nthambizi ku njanji yozungulira kuti sitima ina izithamanga osaima pamene mabogi akusanjidwa. Kayalidwe kena kofanana nako ndi Timesaver, kamene John Allen wa ku America anakatulutsa mu 1972.