Nsanja ya ku Zomba ndi mayina amene sanafikepo

Lamulungu lachiwiri la mwezi wa November likafika, lipenga limalira, anthu amakhala chete kwa mphindi ziwiri, kenako akuluakulu amayala nkhata za maluwa ofiira pokumbukira omwe anafera ku nkhondo. M'masiku amenewa ndi m'mene mumamveka kwambiri mawu akuti aliyense wa dziko lino amene anatsala ku nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, dzina lake lili pa nsanja ya njerwa zofiira ija ya pafupi ndi Cobbe Barracks ku Zomba. Anthu a ku Domasi amaidziwa bwino nsanjayi, poti mtunda wake sukwana makilomita 20. Koma mawuwo ndi oona mbali imodzi yokha, ndipo mbali inayo ndiyo yaikulu.

Ku Scotland ndi ku England, kumene kunachokera mwambowu, chikumbutso cha nkhondo chimakhala pakhomo. Boma la Britain linagamula kuti mitembo ya asilikali isabwerere kwawo, choncho midzi inasonkha ndalama n'kuimika mtanda wa mwala kapena chipilala pabwalo la tchalitchi kapena pamphambano, n'kuzokotapo mayina a ana a m'mudzimo. Mayi wopanda manda oti akalirepo ankapita pamenepo, ulendo wa miyendo.

Domasi unali mudzi wa mishoni ya anthu omwewo. Alexander Hetherwick wa Church of Scotland anatsegula mishoniyi mu 1884 m'dziko la Ayao a mfumu Malemia, kuseri kwa phiri la Zomba. Asilikali a King's African Rifles, omwe makolo athu ankangoti a Keyala, anakhazikitsidwa mu 1902, ndipo ambiri mwa oyambawo a kuno anali Ayao. Cobbe amene dzina lake lili pa malo a asilikali aja anatsogolera anthu a kuno ku nkhondo ya ku Somaliland m'chaka chomwecho.

Nkhondo yaikulu inafika msanga. Pa 13 August 1914 sitima ya Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, padoko la Sphinxhaven kutsidya kwa nyanja. Pa 9 September kunali kuphana ku Karonga. Mwezi wa November John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo yosawakhudza, n'kusiya akazi amasiye ndi ana. Pa 23 January 1915 anaukira, ndipo pa 3 February anaphedwa.

Chomwe chinameza anthu ambiri sichinali chipolopolo. Kuyambira 1916, pamene gulu la General Northey linayamba kulowa m'dziko lolamulidwa ndi Ajeremani kuchokera kumpoto kwa nyanja, chakudya ndi zida zinkachoka ku Blantyre, kudzera ku Zomba, kutsikira ku Fort Johnston, komwe lero ndi ku Mangochi, n'kukwera sitima. Kumene msewu wathera, katundu yense ankayenda pamutu pa munthu. Akatswiri a mbiri, monga Melvin Page amene anacheza ndi nkhalamba zambiri zotsala ku nkhondoyi, amati asilikali ochokera ku Nyasaland anali pafupifupi 19,000, pamene amtengatenga anali cha m'ma 200,000. Dziko lonse pa kalembera wa 1921 linali ndi anthu pafupifupi 1.2 miliyoni. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Ankagwidwa m'midzi, ena usiku. Anafa ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala, ndipo nkhondo ikutha mu November 1918 fuluwenza inadzakolola otsala.

Nsanja ya ku Zomba inamangidwa m'zaka zoyambirira za m'ma 1920. Tiyiyamikire pa chimodzi: ili ndi mayina a anthu akuda, oposa 1,000, pa nthawi imene zimenezi sizinali zachizolowezi. Zipilala za asilikali akuda zomwe zinaimikidwa ku Nairobi, Mombasa ndi Dar es Salaam m'ma 1920 momwemo zili ndi zifanizo za anthu ndi mawu oyamikira, koma zilibe mndandanda wa mayina. Kamangidwe kakenso n'koganiza bwino. Ndi nsanja yaitali ya njerwa yokhala ndi wotchi pamwamba, osati mtanda ngati wa m'midzi ya ku Ulaya, ndipo kwa gulu lomwe munali Asilamu ambiri, Akhristu ndi ena a chipembedzo cha makolo, zimenezi zinali zoyenera. Pambali pake pali nyumba zosungirako nkhalamba zomwe zinamenya nkhondo.

Komabe nsanjayi ndi ya a Keyala, anthu a nambala ndi yunifolomu. Wamtengatenga amene anagwa ndi katundu wake m'mapiri a kumpoto analibe gulu lomumangira nsanja. Taonani kusiyana kwake: m'busa Robert Hellier Napier wa mishoni ya Blantyre ataphedwa mu 1918 m'dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi, Hetherwick anasonkhanitsa makalata ake n'kutulutsa buku mu 1925. Palibe cholakwa pamenepo, munthuyo anamulira anzake. Koma amene ankasenza katundu m'njira zomwezo anangosanduka chiwerengero m'malipoti, ndiponso chiwerengero choperewera, chifukwa wothawa n'kukafera kuthengo kapena wofika kumudzi n'kumwalira patapita sabata sankawerengedwa.

Kwa zaka zambiri zimenezi zinkaoneka ngati ngozi chabe ya kusowa kwa mapepala. Mu 2019 kanema wina woonetsedwa ku Britain anafunsa za manda a anthu akuda ku East Africa, ndipo kunakhazikitsidwa komiti yoti ifufuze. Lipoti lake linatuluka mu April 2021. Linapeza kuti anthu pakati pa 45,000 ndi 54,000, makamaka a ku Africa ndi ku India, anakumbukiridwa mosiyana ndi azungu: mzungu mwala wakewake pamanda, wakuda dzina pachipilala cha gulu kapena m'kaundula basi. Linapezanso kuti ena osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, sanakumbukiridwe ndi dzina, kapena sanakumbukiridwe n'komwe, ndipo ochuluka mwa iwo anali amtengatenga a kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt. Chopweteka kwambiri chinali m'makalata a m'ma 1920. Akuluakulu ena a nthawiyo ankalemberana kuti munthu wakuda sangamvetse tanthauzo la mwala wa pamanda, choncho manda ambiri anangosiyidwa kuti amere tchire. Amene analemba zimenezi ankakhala pakati pa anthu omwe salola ngakhale kuloza kumanda ndi chala, anthu ometa, osesa ndi omanga ziliza. Kunali kusafuna kuona, komanso kuumira ndalama. Nduna ina inapepesa m'nyumba ya malamulo ku London mwezi womwewo, ndipo mu January 2025 ku Cape Town kunatsegulidwa chikumbutso chatsopano cha mizati ya mtengo, mzati uliwonse dzina lake, cha antchito a nkhondo oposa 1,700 a ku South Africa.

Mlandu wonse sitingaukankhire kunja. Dziko lakhala pa ufulu kuyambira 1964, ndipo pamene tinamanga chikumbutso chathu chachikulu tinachimanganso ngati nsanja, mumzinda, ku Area 18 ku Lilongwe. Tinatengera lipenga, maluwa ndi perete, koma chija chopangitsa mudzi kuwerenga mayina a ana ake pakhomo tinachisiya. Kumidzi nkhondoyi inatsalira m'magule. Beni wa Ayao, ndi maguba ake ndi maudindo ake achisilikali, komanso malipenga a kumpoto, ndi zimene obwerako anabwera nazo. Koma gule sasunga dzina la munthu.

Ntchito yotolera mayinawo ikanayambika m'chigwa cha Domasi, poyambira pake sipali patali. Nyumba yosunga zolembedwa zakale za dziko lino, National Archives, ili ku Zomba konko. Mishoni zinkalemba makaundula a ubatizo ndi a sukulu, mafumu ndi mashehe amadziwa mibadwo ya anthu awo, ndipo pa koleji ya aphunzitsi ya Domasi pali ophunzira mbiri omwe amafuna mitu ya kafukufuku chaka ndi chaka. Chovuta n'chakuti amene anamva nkhanizi kuchokera pakamwa pa eni ake ndi zidzukulu, ndipo zambiri mwa izo zapitirira kale zaka 70. Mayinawo akapezeka, malo oyika mwalawo adzafunika kukambirana bwino, chifukwa bwalo la tchalitchi lokha lingasiye kunja ana a kumzikiti omwe anasenza nawo katundu yemweyo.